Chifukwa chobwerezera opaleshoni ya TEVAR

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake bambo akubwereranso ku opaleshoni pomwe anawaika kale stent (kachubu kolimbitsa mtsempha) mumtsempha waukulu wa m'chifuwa pamalo pomwe panatupa; opaleshoni imeneyo ndiyo TEVAR. Kawirikawiri vuto limakhala endoleak: magazi akulowabe m'chotupa chija. Stent imafuna masentimita 2 a mtsempha wabwinobwino mbali zonse ziwiri kuti igwire, koma mtsempha ukamakula pamatsala mpata. Kuchucha kwa kumapeto a stent kumeneku, type I, sikofunika kuzengereza, chotupa chingaphulike. Amalumikiza stent ina kudzera m'mphechepeche. Endoleak ina, type II, yochokera m'timitsempha ta m'nthiti, amangoilondola ndi CT scan ngati chotupa sichikukula.

Chachikulu n'chakuti stent ikatalika imatseka timitsempha topereka magazi kumsana, zomwe zingafooketse miyendo. Miyendo ikafooka akatsitsimuka, itanani anamwino pompo. Madokotala amakweza BP n'kuchotsako madzi a mumsana.