Ma peptide awiri ofanana, koma receptor imamva imodzi yokha

Achemwali ena amene akuphunzira biology ku Chanco kuno ku Zomba anditumizira imelo. Akufunsa kuti, ngati ma neuropeptide awiri (ma peptide, kapena kuti timapuloteni tatifupi, tonyamula uthenga m'mitsempha) ali ndi ma amino acid (tizidutswa tomangira mapuloteni) omwewo, ondondozana chimodzimodzi, zimatheka bwanji kuti imodzi idzutse receptor (puloteni ya pa selo yolandira uthengawo) inzake osachita kanthu? Anakumana nazo powerenga za Aplysia, nkhono ya m'nyanja ya mchere imene chigoba chake n'chaching'ono, chobisika m'thupi. Musavutike kukaisaka ku Chilwa, kulibe.

Asayansi amaikonda chifukwa ili ndi maselo a mitsempha pafupifupi 20,000 okha, ena aakulu moti amaoneka ndi maso. Eric Kandel, amene anafufuza mmene kanyamaka kamakumbukirira zinthu, analandira mphoto ya Nobel mu 2000.

Nkhani yake, achemwali, ndi yakuti jini imangopereka mndandanda wa ma amino acid. Peptide ikapangidwa, ma enzyme (mapuloteni osintha zinthu zina m'thupi) amaikonzanso. Kawirikawiri amamata kagulu ka ma atomu kotchedwa amide kumapeto kwake, monga pa peptide yotchedwa FMRFamide imene inapezeka mu 1977, ndipo ma peptide ambiri akasowa amide ameneyu receptor siwalabadira.

Kukonza kumene kumandidabwitsa ine n'kwina. Pafupifupi amino acid iliyonse ili ndi maonekedwe awiri, L ndi D, ngati nsapato yakumanzere ndi yakumanja: chikopa chimodzi, saizi imodzi, koma phazi limadziwa. Thupi limamanga mapuloteni ndi L, kenako enzyme imatha kutembenuza amino acid imodzi kukhala D. Mu 1989 ofufuza a ku Japan anapeza zoterezi mu peptide yotchedwa achatin-I, kuchokera m'mitsempha ya Achatina fulica, nkhono yaikulu ya pamtunda imene kwawo n'kum'mawa kwa Africa, mbale wa zimene zimakwawa m'madimba mvula ikagwa.

Aplysia ili ndi peptide yofanana ndi achatin-I, yotchedwa GFFD. Amino acid yachiwiri, phenylalanine, ikatembenuzidwa kukhala D, peptide ija imakhazikika bwino pa receptor ya mtundu wa GPCR, selo n'kuyamba kutumiza uthenga m'mitsempha imene imayendetsa kadyedwe. Ikakhala L yokhayokha, receptor imangoti zii. Ya D imakhalitsanso, poti ma enzyme oswa ma peptide amavutika kuigwira. Kulemera kwa ziwirizi n'kumodzi, n'chifukwa chake kuyeza kulemera kokha ndi makina otchedwa mass spectrometer sikuzisiyanitsa.

Koma musakalembe pa mayeso kuti D ndiye imagwira ntchito nthawi zonse. Mu Aplysia momwemo muli peptide ya m'banja la allatotropin imene L ndi D zonse zimadzutsa receptor.