Kodi moto wotentha kuposa dzuwa amausunga m'chiyani?

Mphunzitsi wina wa sayansi wanditumizira imelo yofunsa kuti, ngati ofufuza za nuclear fusion (kuphatikiza maatomu kuti atulutse mphamvu, monga zimachitikira m'dzuwa) amatenthetsa mpweya kufika madigiri 150 miliyoni, kuposa pakati pa dzuwa kakhumi, nanga chotengera chake chimalephera bwanji kusungunuka?

Aphunzitsi, mpweyawo saulola kukhudza khoma. Haidrojeni akatentha chotero amasanduka plasma, kutanthauza kuti maelekitironi amalekana ndi maatomu awo, ndipo tizidutswa totsalato timamvera maginito. Choncho amapanga chipinda chozungulira ngati nkhata n'kuchizinga ndi maginito amphamvu, kuti plasma iziyandama pakati. Mpweyawo umakhalanso wochepa zedi, moti ukagunda khoma umazizira pomwepo, ngakhale kuti khomalo limapsereranso.

Chovuta n'chakuti mphamvu ya maginito imachuluka mbali ya mkati ya nkhatayo kusiyana ndi ya kunja, motero plasma imasuntha pang'onopang'ono n'kuthawa, pokhapokha mphamvuyo itapotedwa monga timapotera chingwe. Makina awiri otchuka amasiyana pa kapotedwe kameneka.

Tokamak, imene anaiganizira Igor Tamm ndi Andrei Sakharov ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1950, imapota podutsitsa magetsi mu plasma momwemo. Imasunga kutentha bwino, koma kawirikawiri imagwira ntchito modukizadukiza, ndipo magetsiwo akaduka mwadzidzidzi makina onse amagwedezeka. Tokamak ya JET ya ku Culham, pafupi ndi Oxford ku England, inatulutsa mphamvu yokwana mamegajoule 69 m'masekondi pafupifupi 5 mu 2023, chaka chimene inasiya kugwira ntchito. ITER, imene akumanga ku Cadarache ku France, ndi ya mtundu womwewu.

Stellarator, imene anaiganizira Lyman Spitzer wa ku yunivesite ya Princeton ku America mu 1951, imapota maginito enieniwo. Mukaona chithunzi cha stellarator ya Wendelstein 7-X ya ku Greifswald ku Germany, makoyilo ake 50 a maginito ndi okhotakhota ngati anapondedwa ndi lole, pamene kukhota kulikonse anachita kuwerengera pa kompyuta. Inayamba ntchito mu 2015, ndipo mu 2023 inasunga plasma kwa mphindi 8.

Ineyo mtima wanga uli pa stellarator, chifukwa itha kugwira ntchito mosadukiza, ndipo malo opangira magetsi amafunika makina osapumira. Komabe ophunzira anu muwauze zoona: pa makina onse ogwiritsa ntchito maginitowa, palibe amene anatulutsapo mphamvu yoposa imene anaithiramo potenthetsa plasma. JET mu 1997 inatulutsa mamegawati 16 itathiridwa 24.