Achemwali, vidiyo ya 12 GB ija ili ndi maulendo awiri

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri kuti ndilimve bwino. Mwati muli ndi vidiyo ya 12 GB mufoni, ya tsiku limene mwana wanu ankalandira satifiketi, ndipo mukufuna ikhalenso mulaputopu komanso alongo anu amene ali kunja aione. WhatsApp ikukana, Bluetooth munaisiya usiku wonse koma sinamalize, ndipo fulashi ya 32 GB yopanda kanthu, mutailumikiza kufoni, ikuti fayiloyo yakula. Mtima m'malo, palibe chawonongeka. Kungoti mwaphatikiza maulendo awiri osiyana. Laputopu ili patebulo panu pomwepo, ndipo ulendo umenewo usakudyereni data ngakhale pang'ono. Wa kwa alongo anuwo ndi umene ukufuna kuleza mtima.

Tiyambe ndi wapafupiwu. Tengani kebulo ya USB mulumikize foni kulaputopu, foniyo ikhale yotsegula, osati yokiya. Ngati ndi ya Android, kokani chala kuchokera pamwamba pa sikirini, muona uthenga woti foni ikuchajidwa kudzera pa USB. Dinani pamenepo musankhe File transfer. Ambiri amagwera apa, chifukwa foni ikangolumikizidwa imangoyamba kuchaja basi, mafayilo siionetsa mpaka mwini wake aiuze. Ikaonekera pakompyuta, lowani mufoda ya DCIM, kenako Camera, vidiyo yanu muipeza mmenemo. Mukachita zonsezi koma kompyuta n'kungokhala duu ngati sinaone kanthu, kayikirani kebulo musanakayikire foni. Makebulo ena mkati mwake muli mawaya a magetsi okha, a data mulibe, ndipo kunja amaoneka chimodzimodzi ndi anzawo. Ngati ndi iPhone, ikufunsani ngati mukuikhulupirira kompyutayo, vomerani. Muonenso mu Settings, pa Photos, kuti mwasankha Keep Originals, kuti foni isavutike ndi kusintha vidiyo yaikulu chonchi ili pakati pa ulendo.

Za Bluetooth, musamuimbe mlandu, ntchitoyo ndi yoposa msinkhu wake. Anapangidwira mahedifoni, masipika ndi timafayilo tating'ono. Zikamuyendera bwino amayenda mwina ma megabit 2 pa sekondi. Ndiime kaye pa mawu amenewa, chifukwa amasokoneza anthu ambiri. Liwiro amaliyeza ndi ma megabit, olembedwa Mb, b wamng'ono, pomwe kukula kwa fayilo amakuyeza ndi ma megabyte, olembedwa MB. Ma megabit 8 ndi amene amapanga megabyte imodzi. Ndiye kuti 12 GB yanuyo, yomwe ndi ma megabyte pafupifupi 12,000, ndi ma megabit pafupifupi 96,000. Gawani ndi 2, mupeza masekondi 48,000, omwe ndi maola oposa 13, ndipo apo n'kuti sanaduke ngakhale kamodzi. Kebulo ya USB 2.0, yomwenso ndi yakale chifukwa inabwera mu 2000, papepala imayenda ma megabit 480 pa sekondi. Pantchito yeniyeni siifika pamenepo, komabe vidiyoyo ingathe m'mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono. USB 3.0 imathamanga kuwirikiza kakhumi, ndipo pa makompyuta ambiri kabowo kake kamakhala ka buluu mkati. Koma musadabwe mukaona kuti palibe kusintha, mafoni ambiri okhala ndi kabowo ka USB-C mkati mwake amayendabe liwiro la 2.0.

Ngati kebulo yabwino palibe, Wi-Fi imagwira ntchitoyi popanda intaneti, ndipo ichi n'chimene ambiri sadziwa. Wi-Fi ndi njira chabe yolumikizira zipangizo, intaneti ndi nkhani ina. Mafoni a Android ali ndi Quick Share, yomwe pa mafoni ambiri inkatchedwa Nearby Share mpaka 2024 pamene Google ndi Samsung anaphatikiza zawo, ndipo ili ndi pulogalamu yake ya Windows. Imagwiritsa ntchito Bluetooth pongofuna kuti zipangizo ziwirizo zionane, koma katundu weniweniyo amadutsa pa Wi-Fi. AirDrop imachita chimodzimodzi pakati pa iPhone ndi Mac. Ine amene ndimakonda ndi LocalSend, chifukwa ndi yaulere, siifuna akaunti, ndipo siisankha mtundu: Android, iPhone, Windows, Mac, Linux, zonse zimalankhulana bola zikhale pa netiweki imodzi. Rauta ikakhala palibe, yatsani hotspot pafoni, laputopu ilumikizike pamenepo. Chenjezo limodzi: laputopu ikaona intaneti imayamba kudzitsitsira ma update mwakachetechete, ndiye zimitsani data ya foni ngati foniyo ikulola hotspot popanda data. Mapulogalamu a SHAREit ndi Xender nawonso amayenda njira yomweyi ya Wi-Fi.

Tsopano fulashi ija. Si yabodza chifukwa chongokana, ndipo malo alimodi. Vuto ndi kasanjidwe ka mkati mwake. Mafulashi ndi mamemori khadi ambiri a 32 GB kutsika mmunsi amabwera ali pa FAT32, kasanjidwe ka m'zaka za m'ma 1990, komwe sikalola fayilo imodzi kufika 4 GB. Mutha kuikamo mafayilo zikwizikwi mpaka kudzaza, koma imodzi ya 12 GB ayi. Mankhwala ake ndi kuifomata kuti ikhale exFAT, kasanjidwe kena komwe kalibe malire a 4 GB amenewa. Ikani fulashiyo pakompyuta, dinani kumanja pa dzina lake, sankhani Format, pa File system musankhe exFAT. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye onetsetsani kawiri kuti mwasankha fulashiyo osati china. Wina akuuzani za kasanjidwe kenanso kotchedwa NTFS. Pa Windows imagwira bwino, koma Mac imangowerenga, siilemba, ndipo mafoni ambiri amachita nayo makani. exFAT ndi imene imagwirizana ndi zipangizo zambiri, ngakhale ma TV ena akale amangodziwa FAT32 yokha.

Poti tatchula mafulashi, ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Ndinali ndi ina yolembedwa 128 GB, ndipo kompyuta inkavomereza kuti ndi 128 GB ndithu. Ndinaikamo mavidiyo a ntchito, zonse zinaoneka ngati zalowa, mayina onse alipo, ndiye mufoni ndinafufuta. Tsiku lofuna kuwatsegula, ochepa okha ndi amene anatseguka. Mkati mwake munali malo ochepa kwambiri, kachipangizo kake kanangophunzitsidwa kunama, ndipo zimene zinapitirira malo enieniwo zinangotayika. Kuyambira tsiku limenelo fulashi yatsopano ndimaiyesa kaye ndi kapulogalamu kotchedwa H2testw, kamene kamadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenganso kuti kaone ngati zonse zilimo. Kamatenga nthawi, koma ndimakasiya kagwire ntchito ine ndikuchita zina.

Tifike kwa alongo anu. Choyamba dziwani chifukwa chake WhatsApp ikukana. Mukatumiza vidiyo kuchokera mugalari, imaifinya kuti ichepe, n'chifukwa chake mavidiyo ofika pa WhatsApp nkhope zimaoneka zachimbuuzi. Mukaitumiza ngati Document siifinya, koma malire ake ndi 2 GB. Telegram nayonso ndi 2 GB, kapena 4 GB kwa olipira. Imelo ya Gmail imathera pa 25 MB, ndiye imeneyo tisaitchule n'komwe. Malo osungira pa intaneti aulere nawo ndi osiyana: Google Drive amapereka 15 GB, OneDrive 5 GB, iCloud 5 GB, Dropbox 2 GB. Apa mukuona nokha kuti ndi Drive yekha amene angainyamule yonse, koma 15 GB imeneyo ndi ya Gmail, Drive ndi Google Photos pamodzi. Ngati muli kale zithunzi za 6 GB, siikwana, ndipo malo akadzaza maimelo amasiya kulowa. Mukadzaifufuta, kumbukiraninso kukhuthula Trash, chifukwa ikakhala mmenemo imawerengedwabe.

Koma vuto lalikulu si malo ayi, ndi kukweza. Netiweki zambiri zimathamanga potsitsa, pokweza zimayenda pang'onopang'ono. Yesani liwiro lanu pa Speedtest, muyang'ane nambala ya upload, osati ya download. Ikakhala 5, gawani 96,000 ndi 5, mupeza maola 5 ndi mphindi 20. Ikakhala 2, mwabwereranso ku maola 13 aja. Ndipo data imene ithe ndi 12 GB yathunthu kwa inu, inanso 12 GB kwa alongo anu potsitsa.

N'chifukwa chake musanakweze, dzifunseni ngati alongo anu akufunikiradi vidiyo yeniyeniyo kapena akungofuna kuona mwana wanuyo akulandira pepala lake. Ndikuganiza kuti munajambula pa 4K, kajambulidwe kooneka bwino kwambiri koma kodya malo ambiri. Pa iPhone, mphindi imodzi ya 4K pa mafulemu 60 (zithunzi 60 pa sekondi) imadya pafupifupi 400 MB, pomwe ya 1080p pa mafulemu 30 imadya 60 MB yokha. Ngati akaonera pafoni kapena palaputopu, kusiyana kwake maso sakuona kwenikweni. Vidiyo ikafika mulaputopu, itseguleni ndi HandBrake, pulogalamu yaulere, musankhe Fast 1080p30, muisiye igaye. Laputopu itentha ndipo itenga nthawi, ikhale pa chaja. Chotulukacho chikhala chaching'ono kwambiri, ndipo mukachita mwayi chitsika mpaka kukwana pa Document ya WhatsApp. Yoyamba ija muisunge osaikhudza. Amene akuti muiike mu zip kuti ichepe akulakwitsa: vidiyo imakhala yofinyidwa kale pojambula pomwe, ndiye zip siipeza choti ifinyenso.

Zip ili ndi ntchito ina imene ndimaikonda, yoduladula. Ngati alongo anu akufunadi yeniyeniyo, mwina kuti akaikonze, gwiritsani ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa 7-Zip. Dinani kumanja pa vidiyo, Add to archive, pa Compression level musankhe Store kuti isataye nthawi, ndipo pa Split to volumes mulembe 1900m. Mutuluka zidutswa 7 zothera ndi .001, .002 mpaka .007, chilichonse chosafika 2 GB, choti chikwane pa Document ya WhatsApp kapena pa Telegram. Ubwino wake ndi woti netiweki ikaduka pa chidutswa chachisanu, mungobwereza chimenecho chokha, ndipo mutha kumatumiza chimodzi usiku uliwonse. Iwo aziike zonse mufoda imodzi, asasinthe mayina, atsegule cha .001 ndi 7-Zip yomweyo, vidiyo ibwerera yonse. Chikasowa chimodzi palibe chotseguka. Muwauzenso akhale ndi malo oposa 24 GB, poti zidutswazo ndi vidiyo yolumikizidwayo zikhalira limodzi kwa kanthawi. Pa bokosi lomwelo pali polemba pasiwedi, koma pasiwediyo muwauze pafoni, osailemba pamodzi ndi linki.

Mukasankha Drive, kwezani kuchokera palaputopu ndi pulogalamu ya Drive for desktop, osati pa browser, chifukwa imapitiriza yokha netiweki ikabwerera. Laputopu muiletse kugona. Pogawana, lembani imelo ya alongo anu m'malo mosankha Anyone with the link, chifukwa linki yotseguka ikafika m'gulu lina, aliyense aona nkhope za ana anu. Iwo akaidina n'kuyamba kuonera pomwepo, aona yochepetsedwa. Yeniyeni amaipeza akadina Download. Ngati netiweki yawo ndi yodukaduka, Free Download Manager imathandiza, chifukwa pamalo ambiri imatha kupitiriza pamene inalekera m'malo moyambiranso.

Ndipo musachite manyazi kungoipereka fulashi kwa munthu amene akupita komweko. Ngakhale akatswiri amatero. Chithunzi choyamba cha black hole (malo a mumlengalenga amene amakoka chilichonse, ngakhale kuwala), chimene gulu la Event Horizon Telescope linaonetsa pa 10 April 2019, data yake inali pafupifupi ma petabyte 5, kapena kuti ma GB 5 miliyoni. Sinadutse pa intaneti. Anaiika mumahadi disiki n'kuikweza ndege kupita ku Bonn ku Germany ndi ku Massachusetts ku America, ndipo ya ku South Pole, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, inadikira miyezi mpaka nyengo yozizira itatha, ndege zitayambanso kutera kumeneko.

Njira iliyonse imene musankhe, pangani Copy, osati Cut, ndipo mufoni musafufute msanga. Ikafika mulaputopu, dinani kumanja, Properties, muone kukula kwake ngati kukufanana ndi kwa mufoni. Kenako itseguleni mudumphe mpaka kumapeto, chifukwa fayilo yodukira panjira nthawi zina imayamba bwinobwino n'kukafera pakati. Kwa alongo anu, njira yotsimikizika ndi ya SHA-256: 7-Zip ili nayo mukadina kumanja pa fayilo, pa CRC SHA. Imatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64, ndipo wanu ukafanana ndi wawo, ndiye kuti palibe ngakhale kachidutswa kamene kasowa. Fulashi muzidina Eject musanaizule, kompyuta nthawi zina imakhala ikulembabe ngakhale kabokosi kokopera katatseka.

Mundiuze mtundu wa foni yanu ndi nambala ya upload imene mupeze pa Speedtest, tione ngati mukweze yonse kapena muyambe ndi HandBrake.