Developer ID si ya Mac App Store

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Transporter, chida cha Apple chotumizira mapulogalamu kusitolo yawo, ikukana pulogalamu yanu ya Electron (chida chopangira mapulogalamu a kompyuta ndi JavaScript) pomwe munaisayina ndi setifiketi ya Developer ID ndipo notarization, kuunika komwe makina a Apple amachita pofufuza zoipa mu pulogalamu, inadutsa bwinobwino. Khodi yanu ilibe mlandu. Tikiti yomwe mwagwira ndi yabwino ndithu, koma ndi ya basi ina.

Apple ili ndi njira ziwiri zofikitsira pulogalamu ya Mac kwa anthu. Ina ndi yoti aitenge okha pa webusayiti yanu, ndipo kumeneko n'kumene kumafunika Developer ID ndi notarization, yomwe anaikakamiza kuyambira pa macOS Catalina mu 2019. Inayo ndi Mac App Store. Uko Developer ID saiwerengera n'komwe, notarization nayonso safuna, chifukwa pulogalamu imakaunikidwa ndi a App Review, gulu la Apple loyang'ana mapulogalamu asanalowe musitolo. Zonse zimatuluka mu akaunti imodzi yomwe ija ya madola 99 pachaka, n'chifukwa chake ambiri amazisakaniza.

Za kusitolo mupange masetifiketi awiri. Apple Distribution ndi yosayinira .app yeniyeniyo, pomwe Mac Installer Distribution ndi yosayinira .pkg. Yachiwiriyi mu Keychain, mosungira makiyi ndi masetifiketi pa Mac, imaoneka ndi dzina lakale loti 3rd Party Mac Developer Installer, musadabwe. Iwalani za .dmg, sitolo imalandira .pkg yopangidwa ndi productbuild. Mufunikanso provisioning profile, fayilo ya chilolezo yochokera kwa Apple, ya mtundu wa Mac App Store yogwirizana ndi bundle ID (dzina lozindikiritsa pulogalamu) yanu, ndipo imakhala mu foda ya Contents ndi dzina loti embedded.provisionprofile.

Zimenezo n'za madzulo amodzi. Chomwe chikudyereni masiku ndi sandbox. Kuyambira mu June 2012, pulogalamu yatsopano iliyonse yolowa musitolo iyenera kukhala m'kati mwa App Sandbox, kutanthauza kuti singangoyendayenda pa diski ya munthu momwe yafunira. Electron wamba sagwira ntchito mmenemo, pali mtundu wake wapadera wotchedwa mas, ndiye mu electron-builder musankhe target imeneyo. Kenako chilichonse chimene pulogalamu imachita muchipemphe mu entitlements, fayilo yolembamo zilolezo za pulogalamu. Ikalankhula ndi seva, ikani com.apple.security.network.client. Ikamatsegula mafayilo amene munthu wasankha yekha, ikani files.user-selected.read-write, koma dziwani kuti chilolezocho chimatha akatseka pulogalamu. Kuti mawa idzatsegulenso foda yomweyo osafunsa, pamafunika security-scoped bookmarks. Ndipo musapemphe zomwe simugwiritsa ntchito, a App Review amafunsa kuti n'za chiyani.

Ma Helper a Electron, timapulogalamu tothandizira tokhala m'kati mwa .app, ali ndi fayilo yawoyawo ya entitlements, ndipo mumangokhala zinthu ziwiri: app-sandbox ndi inherit. Mukawapatsa za pulogalamu yayikulu, amafa pongoyamba, inu n'kumaona windo loyera lopanda kanthu. Posayina yambani ndi zam'kati, ma framework ndi ma Helper, .app ikhale yomaliza. Codesign --deep imaoneka yachidule, komatu imamata entitlements zofanana paliponse, Apple yomwe imaletsa kusayinira nayo. Musiyireni ntchitoyi @electron/osx-sign. Mukasintha kafayilo kamodzi kokha m'katimo mutasayina kale, siginecha yaonongeka, muyambirenso.

China chomwe chimazunguza mutu: .app yosayinidwa ndi Apple Distribution singatseguke pa Mac yanu mukaidina. Mmenemo ndi mmene anazipangira. Poyesa gwiritsani ntchito mas-dev ndi setifiketi ya Apple Development, kapena itumizeni ku App Store Connect, webusayiti ya Apple yoyendetsera mapulogalamu a musitolo, muitenge kudzera pa TestFlight, chida choyesera mapulogalamu asanatuluke, chomwe chinafika pa Mac mu 2021. Muchotsenso autoUpdater, malamulo a sitolo salola pulogalamu kudzisintha yokha.

Tsono maganizo anga ndi awa. Musanavutike ndi zonsezi, onani ngati pulogalamu yanu ingakwanedi mu sandbox. Ngati ntchito yake ndi kusanthula diski yonse kapena kulamulira mapulogalamu ena, khalani pa Developer ID pomwe mwafika kalepo, ntchito munaimaliza. Ngati ndi yolembera ma invoice kapena kusunga maakaunti a shopu, sitolo ikuthandizani, makamaka pa kulandira ndalama kwa ogula akunja. Apple imadulapo 30 peresenti, kapena 15 mukalembetsa ku Small Business Program, yomwe ndi ya opeza zosapitirira madola 1 miliyoni pachaka. 

Lero lomwe tsegulani Keychain Access, mutulutse masetifiketiwo pamodzi ndi private key yake ngati .p12, muike pasiwedi, musunge kwina. Kiyiyo inapangidwira pa Mac yanu ndipo Apple ilibe kope lake. Makina akafa, setifiketi yomwe mungakope pa webusayiti yawo singasayine kanthu. Zikakanikabe, ikani pano uthenga wonse womwe Transporter ikulemba pamodzi ndi zotuluka pa codesign -d --entitlements, tione kuti yakodwa pati.