Za mng'ono wanu wodwala matumbo: musamugulire maantibayotiki

Achemwali, mwati mng'ono wanu watha miyezi akuchita chimbudzi cha magazi ndi zonanda ngati mamina, adokotala akuti ndi ulcerative colitis, matenda otupitsa thumbo lalikulu n'kulichititsa zilonda, ndiye mukufunsa ngati maantibayotiki amphamvu angaphe tizilombo tomwe tikumudwalitsa. Chonde musamugulire Flagyl kapena cipro mwa inu nokha. Matendawa si kamwazi wamba.

Munthu aliyense, ngakhale wathanzi, ali ndi mabakiteriya osawerengeka m'thumbo lalikulu, ndipo ambiri ndi othandiza. Chomwe chimatiteteza n'chakuti safika pakhoma la thumbolo. Khomalo limatulutsa zonanda zopangidwa ndi puloteni yotchedwa MUC2. Mu 2008 Malin Johansson, Gunnar Hansson ndi anzawo ku yunivesite ya Gothenburg ku Sweden anaonetsa kuti zonandazi zimayalana pawiri: zapamwamba n'zotakasuka ndipo mabakiteriya amakhalamo, zapansi n'zothithikana, zomatirira kukhoma, moti sadutsamo. Kwa wodwala ngati mng'ono wanuyo, makamaka matenda akabuka, zapansizo zimafooka. Mabakiteriya amakhudza khoma, chitetezo cha m'thupi n'kuyamba kulimbana nawo osalekeza, mpaka thumbo kutupa ndi kuchita zilonda. Magazi aja akuchokera pamenepo. Mukamwetsa maantibayotiki mwachisawawa, mupha ndi othandiza omwe, koma chitetezo cholusacho chikhalabe cholusa.

Mbali yomwe ine imandichititsa chidwi ndi ya chakudya. Mabakiteriyawa amadya zotsalira za nyemba, nandolo, masamba ndi gaga wa mu mgaiwa zomwe thupi lathu siligaya, n'kupanga butyrate, amene amadyetsa khoma la thumbo. Mu 2016 gulu la Eric Martens ku yunivesite ya Michigan linayesa mbewa: zitamanidwa zakudya zoterezi, mabakiteriya ena anatembenukira zonanda zija n'kuyamba kuzidya, monga mbuzi zimadyera udzu wa mpanda msipu ukatha. Komatu zinali mbewa izo, ndiye musamve ngati mgaiwa ndi mankhwala. Ndiponso pamene akutsegula kwambiri, nyemba ndi masamba olimba zimatha kuwonjezera ululu. Azibwerera ku zakudyazi pang'onopang'ono m'mimba mukakhazikika.

Funsani adokotala ngati anayeza chimbudzi komanso ngati anamuunika m'thumbo ndi kamera ija ya colonoscopy. Kwathu kuno kamwazi wa amoeba ndi likodzo la m'matumbo zimabweretsanso magazi, ndipo TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi matenda a Crohn, omwe ndi abale ake a ulcerative colitis. Izi n'zofunika chifukwa prednisolone ndi azathioprine, mankhwala ena a ulcerative colitis, amatsitsa chitetezo cha m'thupi. Kupatsa munthu wa TB kapena amoeba mankhwala amenewa osathana kaye ndi matendawo n'kumuika pangozi.

Zikatsimikizika, mankhwala oyambira nthawi zambiri amakhala mesalazine kapena sulfasalazine, ndipo amamwa ngakhale atapeza bwino, chifukwa matendawa amagona n'kudzukanso. Apewe bulufeni ndi diclofenac, amatha kuwadzutsa. Mutu ukamupweteka amwe panado. Zitsamba zotsuka m'mimba zomwe ena amatchula azisiye, thumbo lazilonda silifuna kutsegulitsidwa.

Akayamba kupita kuchimbudzi kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira patsiku ndi magazi, thupi likutentha, mtima ukuthamanga kapena mimba yatupa, musadikire tsiku la kiliniki, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.