Wosanthula, wounika kapena mpondamatiki?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo. Akuti mdzukulu wawo amadzitchula "analisiti" wa za intaneti komanso akufuna kuyambitsa tsamba la mchezo lakelake, nde agogowo akufunsa kuti pa Chichewa munthu wotere timati ndani.

Bambo, liwu limodzi palibe ndipo musatuluke nalo thukuta polisaka. Ife munthu timamutchula ndi ntchito imene akugwira, basi. Ambiri amati wounika, sikulakwa, koma ine ndimakonda wosanthula. Kuunika nkwa nyali kapena tochi, mwawalitsa kuti muone chimene chilipo, pomwe kusanthula ndi kuphwasula nkhani nkuona mbali iliyonse payokhapayokha, manambala, ndalama zikulowera kuti, anthu akuchulukira pati. Mary Meeker, mayi wa ku America uja, ali ku banki ya Morgan Stanley mu 1995 anatulutsa lipoti lalikulu la za intaneti ndipo amalonda ankaliwerenga asanaike ndalama zawo mmakampani, ameneyo ndiye wosanthula za intaneti weniweni. Kungokhalira foni mpaka bandulo kutha si kusanthula ayi, mdzukuluyo mukamuuze.

Kalembedwe nakonso: mmodzi ndi wounika, wosanthula, ambiri kapena mwaulemu ndi ounika, osanthula. Zoti "owunika m'modzi" zadzadza pa WhatsApp koma nzolakwika.

Mbali yachiwiriyo ingonenani kuti woyambitsa bizinesi ya masamba a mchezo. Kutalika kwake kusakuopseni. Mark Zuckerberg anayambitsa Facebook mu 2004 ali mwana wasukulu ku yunivesite ya Harvard, WhatsApp anayambitsa ndi Jan Koum ndi Brian Acton mu 2009 kenako Facebook inaigula mu 2014. Onsewa ndi oyambitsa. Mpondamatiki ndi zina, liwu limenelo likunena chuma, tiki inali kandalama kakale ka mapeni atatu nde munthu ali nazo zambiri mpaka kumaziponda. Zuckerberg lero ndi mpondamatiki inde, koma mu 2004 anali woyambitsa chabe ngati mnyamata amene wangotsegula shopu ya mafoni pa Ngabu.

Mayi wina wa ku Bangula nayenso wafunsa ngati "geni" ingakwane pamenepa. Ayi mayi, geni ndi ya nsomba zouma, mbatata, makala, kugula uku nkukagulitsa uko. Ndipo mukamauza agogo kumudzi za masamba a mchezo muziwonjezera kuti a pa foni, apo ayi aziyesa mukunena ndiwo.