N'chifukwa chiyani DNA ya yisiti siyambira pamodzi kukopedwa?

Mtsikana wina amene akuphunzira sayansi ku Luwinga wanditumizira imelo. Akuti anaphunzira kuti malo onse oyambira kukopera DNA mu selo la yisiti amakhala atakonzedwa kale m'gawo la G1, nthawi ya moyo wa selo pamene kukopera DNA kusanayambe. "Nanga ngati onse ndi okonzeka, bwanji ena amayamba msanga, ena mochedwa? M'manotsi angotilembera kuti acetyl imamasula chromatin. Kodi nkhani yonse yathera pomwepa?" (Chromatin ndi DNA pamodzi ndi mapuloteni amene yakulungidwapo, ndipo acetyl ndi kachidutswa kakang'ono kamene selo limamata pa mapuloteniwo.)

Achemwali, manotsi anuwo sananame, koma asiya mbali imene ine imandikoma kwambiri.

Yisiti yake ndi Saccharomyces cerevisiae, yomwe ija amayi ophika mandasi amagula m'timapaketi. Ili ndi ma chromosome 16 ndi malo oyambira pafupifupi 400, otchedwa ARS. M'gawo la G1, gulu la mapuloteni lotchedwa ORC, limene Stephen Bell ndi Bruce Stillman analitulukira mu 1992, limaveka DNA mphete ya mapuloteni yotchedwa Mcm2-7 pamalo amenewa, imene ntchito yake ndi kutsegula DNA kuti ikopedwe. Mpheteyo imangokhala duu mpaka itadzutsidwa ndi DDK ndi CDK, mapuloteni amene amamata kachidutswa kotchedwa phosphate pa mapuloteni anzawo, mothandizidwa ndi mapuloteni monga Sld2, Sld3, Dpb11 ndi Cdc45. Mu 2011 gulu la Philip Zegerman linaonetsa kuti odzutsawa ndi ochepa, sangakwanire malo onse. Atawachulukitsa dala mu selo, malo ochedwa aja anayamba msanga.

Taganizirani akabaza pamsika waukulu wa Mzuzu mvula ikangokata. Ofuna kukwera ndi ambiri, njinga ndi zochepa. Amene waima poonekera m'mbali mwa msewu anyamuka koyamba, amene wabisala kuseri kwa mabenchi adikira wakabaza akatule mnzake n'kubweranso. Ntchito ya chromatin ndi kusankha amene aime poonekera.

DNA imakulungidwa pa mapuloteni 8 a histone, zilembo za DNA pafupifupi 147 pa mkulungo uliwonse. Michira ya histone ili ndi tizidutswa totchedwa lysine, timene timakokana ndi DNA. Puloteni yotchedwa Gcn5 ikaika acetyl pa lysine, kukokanako kumachepa. Mapuloteni ena, Rpd3 ndi Sir2, amachotsa acetyl ija. Umboni woti zimenezi zimakhudza nthawi unabwera pang'onopang'ono. Mu 1992 Ferguson ndi Fangman anachotsa ARS501, malo ochedwa a kufupi ndi nsonga ya chromosome V, n'kuwaika pa plasmid, kachidutswa ka DNA kozungulira kokhala pakokha. Anayamba msanga. ARS1, imene imafulumira, itasamutsidwira kufupi ndi nsongako inachedwa. Zilembo zake sizinasinthe, chinasintha ndi kumene yakhala. Mu 1999 Stevenson ndi Gottschling anapeza kuti popanda Sir3, puloteni yogwira ntchito limodzi ndi Sir2, nsonga za chromosome zimakopedwa mofulumirirapo. Kenako mu 2002 Maria Vogelauer, mu labotale ya Michael Grunstein, anachotsa jini ya RPD3, malo ochedwa n'kufulumira. Anamangiriranso Gcn5 pambali pa malo amodzi ochedwa, ARS1412, ndipo malo amenewo anafulumira. Mpaka apa, zonse zikugwirizana ndi manotsi anu.

Tsopano imvani izi. Pa chromosome XII pali chigawo cha rDNA, DNA yothandiza kupanga ma ribosome amene amapanga mapuloteni, chobwerezedwa pafupifupi ka 150, ndipo chibwerezo chilichonse chili ndi poyambira pake. Selo likakhala bwinobwino, pa malo asanu alionse amadzuka ndi amodzi okha, chifukwa Sir2 imatsendereza enawo. Mu 2014 gulu la Philippe Pasero ku Montpellier linaonetsa kuti mukachotsa Sir2, malo ambiri a rDNA amadzuka n'kulanda mapuloteni ochepa aja, ndipo malo ofulumira a ma chromosome ena amafooka. Mukachotsa Rpd3 zimatembenuka: rDNA imafooka, mapuloteni amatsala, malo ochedwa akutali amapeza mwayi. Zili ngati masapota atuluka chigulu pa Mzuzu Stadium n'kutenga njinga zonse, wa ku Chibavi amene sanaonere n'komwe mpira n'kuchedwa kufika kwawo. Ndiye mukaona malo asintha nthawi pamene jini ina yachotsedwa, musathamangire kunena kuti histone ya pamalopo ndi imene yasintha. Mwina chachitika chachitikira kutali. Ine ndimaona kuti wophunzira amene wagwira mfundo imeneyi waposa amene waloweza maina onse a mapuloteniwa.

Palinso zina zosadalira acetyl. Mapuloteni a Fkh1 ndi Fkh2 amathandiza malo ambiri kufulumira. Pa centromere, malo amene chromosome imakokedwera selo likamagawikana, puloteni ya Ctf19 imaitana DDK, n'chifukwa chake madera amenewo amakopedwa koyambirira. Puloteni ya Rif1 imachita zosiyana, imabweretsa inzake yotchedwa Glc7 kudzachotsa phosphate imene DDK yaika pa mphete ija.

Pomaliza pa imelo yanu munafunsa ngati selo lililonse limatsata ndandanda yofanana. Ayi. Nthawi imene mumaiona pa galafu imachokera ku maselo mamiliyoni ophatikizidwa pamodzi. Mu selo limodzi, malo ochedwa atha kudzuka msanga, ndipo kawirikawiri sadzuka n'komwe, chifukwa kukopera kochokera pamalo oyandikana nawo kumafika n'kuwadutsa asanapeze owadzutsa.